Kodi Kudziwa Kumakwanira Kuti Munthu Adziteteze?

Funso lakale loti kodi munthu wodziwa chabwino angathe kuchita choipa limaonekera poyera pa nkhani ya HIV pakati pa ophunzira a m'mayunivesite, popeza ndi anthu ochepa m'Malawi amene amva uthenga wa kachilomboka kuposa iwo. Socrates ankaphunzitsa kuti gwero la kulakwa konse ndi umbuli, koma Aristotle anaona kuti palinso kufooka kwa mtima, ndiko kulephera kuchita chimene munthu akudziwa kuti n'choyenera, vuto limene mtumwi Paulo analidandaulanso pa Aroma 7.

Mtsikana wochoka pa Neno Boma kukaphunzira ku Zomba kapena ku Blantyre amadziwa za makondomu, za kuyezetsa magazi, ngakhalenso za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amamwa kuti asakatenge. Komatu nthawi yolipira lendi ikakwana ndalama palibe, mwamuna wachikulire amene walipira ndiye amalamula ngati kondomu igwiritsidwe ntchito, ndipo apa chikuoneka ngati kufooka kwa mtima chimakhala umphawi, mfundo imene aphunzitsi a chikhalidwe amaidumpha kawirikawiri. Anyamata nawo amazengereza kukayezetsa poopa maso a anzawo pamzere wa kuchipatala.

Neno wayankha funsoli ndi zochita. Kuyambira mu 2007, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lakhala likutuma anthu a m'midzi momwemo kuyendera mabanja ndi kuperekeza odwala kuchipatala, ndipo mu 2015 chithandizo cha HIV chinaphatikizidwa ndi cha shuga, khunyu ndi kuthamanga kwa magazi, kotero kuti wolandira ma ARV sadziwika pakati pa okhala pabenchi. Maganizo a ntchitoyi ndi akuti munthu amachita chimene akudziwa pamene wina akuyenda naye, ndiponso pamene manyazi achotsedwa panjira yake.

Wophunzira akachoka kwawo amasiya omuyendera onsewa, nakhala yekha m'chipinda cha lendi. Mipingo imene imalalikira kudziletsa siilakwa, pakuti chisankho cha munthu chili ndi malo ake. Imalakwa ikaganiza kuti ulaliki wa tsiku limodzi pa sabata ungalowe m'malo mwa kumufunsa wophunzirayo ngati wadya. Mayunivesite nawo achulutsa misonkhano yophunzitsa zimene ophunzira akudziwa kale, pamene chosowa ndi malo oyezetsera mwachinsinsi ndi ndalama zodyera zofika pa nthawi yake.