Usipa Uli ndi Dzina, Nanga M'bale Wako?



Lero ndikufuna tilingalire za usipa. Eee, usipa womwe uja timagula pa mulu ku msika wa Mitundu kapena pa Nathenje. Ndi kansomba kowonda, kowala mbuu, kutalika kwake ngati chala basi. Kwawo ndi m'nyanja ya Malawi, ndipo asodzi amakagwira usiku pokakopa ndi nyali.

M'chaka cha 1868 katswiri wa za nsomba wa ku London, Albert Günther, anakalemba m'mabuku a sayansi, ndipo lero kamadziwika kuti Engraulicypris sardella. Koma anthu a kunyanja anali atakatchula kalekale kuti usipa. Chambo nachonso, mu 1941 Ethelwynn Trewavas anatcha mtundu wina karongae, kutengera dzina la Karonga. Akatswiriwa satchula dzina mwachisawawa ayi. Amayamba ayeza nsombayo, kuwerenga mamba ndi zipsepse zake, kuifananiza ndi zinzake, kenako n'kuipatsa dzina.

Ku madrasa tinaphunzira kuti Allah anamuphunzitsa tate wathu Adam (AS) mayina a zinthu zonse. Nkhaniyi ili mu Surah Al-Baqarah, ndime 31. Ine ndimaona kuti kutchula dzina ndi mphatso yomwe munthu analemekezedwa nayo pamaso pa angelo. Ndiye funso langa ndi ili: mphatso imeneyi tikuigwiritsa ntchito bwanji?

Tangolowani m'magulu athu a WhatsApp kapena pa Facebook. Mnyamata wachibwibwi ali ndi dzina lake lomuseka. Mtsikana wakuda kwambiri naye tinamupatsa lake. Wina timamuitana ndi dzina la mtundu wake ngati kuti ndi chitonzo. Tikafunsidwa timati n'zocheza chabe. Koma mwaona kuti ena anasiya kuyankha m'gulumo? Ena mpaka anasiya kubwera ku madarasi a Loweruka, ife n'kumati imaani yawo yatsika. Chonsecho tinawathamangitsa ndife.

Surah Al-Hujurat, ndime 11, ikutiletsa kusekana ndi kuitanana mayina onyoza, ndipo ikutiuza kuti amene tikumusekayo mwina ndi wabwino kuposa ife. Mtumiki Muhammad (SAW) ankasintha mayina oipa kukhala abwino. Mkazi wina dzina lake linali Asiyah, kutanthauza wosamvera, iye anamutcha Jamilah, kutanthauza wokongola.

Subhanallah! Ngati kansomba ka pa mulu kanapatsidwa dzina mosamala chonchi, nanga mwana wa Adam?

Sabata ino tichite chinthu chimodzi. Tsegula foni yako, uone mmene unasungira manambala a anzako. Ngati pali dzina lomwe mwini wake sangakondwe kuliona, lisinthe. Ngati unamuitanapo nalo pagulu, mulembere umupepese Jumu'ah isanakwane.

Allah ayeretse malilime athu ndi zala zathu. Ameen.