Kodi N'kulakwa Kutenga za m'Chisa?

Kutali kumpoto, pakati pa nyanja yaikulu ya Atlantic, kuli chilumba chotchedwa Iceland. Kumeneko nyengo yachisanu ndi yaitali ndiponso yamdima, koma pofika mwezi wa Juni dzuwa limangolowa kanthawi kochepa, kotero kuti ngakhale pakati pa usiku kunja kumayera. Eni dziko amadziwa kuti chisanu chatha poona mbalame. Imene amayamba kuidikira ndi lóa, ndipo ikangooneka m'mwezi wa Marichi mbiri yake imalengezedwa m'manyuzipepala. Pambuyo pake imafika kría, mbalame yaing'ono yochokera ku nyanja za kufupi ndi Antarctica. Akatswiri analengeza mu 2010 kuti pa chaka imauluka makilomita ngati 70,000, kupita ndi kubwerera. Zonsezi zimadzera chinthu chimodzi: kuikira mazira ndi kuswa ana chilimwe chachifupicho chisanathe.

Pa nyengo imeneyi mbalame imene masiku onse imathawa munthu imaleka kuthawa, pakuti yamangika ndi mazira ake. Apa ndi pamene pabuka funso lathu: kodi munthu, amene aposa mbalame nzeru ndi mphamvu, angachite nayo chilichonse chimene afuna pamene yafooka chotero? Chilumba chomwecho chitipatsa nkhani ziwiri zotithandiza kuyankha.

Yoyamba ndi ya bakha wa m'nyanja wotchedwa eider. Bakha wamkazi amazula nthenga zofewa za pachifuwa pake n'kuyala m'chisa, kenaka amakhalira mazira masiku ngati 25, pafupifupi osadya kanthu. Nthenga zimenezi n'zamtengo wapatali, chifukwa zofunda zake n'zopepuka ndi zotentha koposa. Mlimi wa ku Iceland sagwira bakhayo, ndipo samtsekera m'khola. Chimene achita ndicho kuchezera usiku kulondera zisa, kupirikitsa nkhandwe ndi akhwangwala, ndi kuimika mbendera zoopsera adani. Akadza kudzatenga nthenga, amaika udzu wouma m'malo mwake kuti mazira asazizidwe. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya nthenga zoyeretsedwa ayenera kuyendera zisa zoposa 50. Lamulo linaletsa kuwombera abakhawa mu 1847. Tsono taonani chodabwitsa: mbalame yakuthengo, yosawetedwa ndi munthu aliyense, imabwerera yokha chaka ndi chaka kudzaikira pafupi ndi nyumba ya mlimi, chifukwa yapeza kuti kumeneko kuli mtendere.

Nkhani yachiwiri ndi yachisoni. Kunali mbalame ina yaikulu, geirfugl, yotalika ngati masentimita 80, yodziwa kusambira koma yosatha kuuluka, imene inkaikira dzira limodzi lokha pa thanthwe. Anthu anaipha kwa zaka mazana ambiri pofuna nyama, mafuta ndi nthenga, mpaka inatsala yowerengeka. Thanthwe la Geirfuglasker, kumene inkabisala, linamira mu 1830 chifukwa cha kuphulika kwa moto wa pansi pa nyanja, ndipo zotsalazo zinasamukira pa kachilumba ka Eldey, kamene ngalawa zinkatha kufikako. M'mwezi wa Juni 1844 asodzi anakocheza pa Eldey, napeza ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zili ndi dzira lawo. Anazipotokola makosi, ndipo dziralo linasweka. Chiyambire tsiku limenelo palibe munthu amene anaonanso chisa cha geirfugl.

Tiyeni tsono tilingalire. Mlimi ndi msodzi onse awiri anatenga kanthu pa chisa, ndipo onse awiri anatengera ndalama. Chomwecho kulakwa sikuli m'kutenga ayi. Munthu ayenera kudya ndi kufunda, ndipo sitinganene kuti wothyola mango wachimwira mtengo. Kusiyana kwawo n'kwakuti mlimi atenga chimene mbalame ingathe kupereka popanda kufa, nalipira ndi tulo take. Msodzi anatenga moyo pamodzi ndi mbewu yake, osabwezapo kanthu. Wina athyola chipatso, wina agwetsa mtengo kuti afikire chipatsocho.

Wina anganene kuti: “Mbalame ilibe nzeru, sidziwa za pangano, nanga tingakhale nayo bwanji mangawa?” Zoonadi, mbalame singatisumire kubwalo. Koma udindo sumayamba pokhapokha pamene mnzathu angathe kutiimba mlandu. Khanda nalonso silidziwa pangano, koma kufooka kwake komweko ndiko kumatimanga. Sindikuti mbalame ilingana ndi mwana wa munthu, kutalitali. Ndikuti pamene mphamvu zonse zili mbali imodzi, palibe china choletsa mwini mphamvuyo koma mtima wake wokha. Komanso mangawa ena tili nawo kwa anthu anzathu: amene anapha geirfugl analanda ana onse obadwa pambuyo pawo chinthu chimene palibe mfumu kapena boma lingathe kubweza.

Winanso anganene kuti: “Asodziwo anali amphawi, ndipo sanadziwe kuti n'zotsiriza.” Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sitiyenera kufulumira kuwaweruza. Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Asodziwo anachita kutumidwa ndi wamalonda, pakuti ku Ulaya anthu achuma ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale ankalimbirana zikopa ndi mazira a mbalameyi. Ankaifuna chifukwa chakuti inali kusowa, ndipo pamene inkasowerasowera mtengo wake unkakwererakwerera. Wogula amene anakhala m'nyumba yofunda, manja ake ali oyera, ndiye anali ndi mlandu woposa, chifukwa iye ankadziwa. Komabe umphawi uchepetsa mlandu, suufafaniza. 

Yankho lathu tsono ndi ili: kutenga za m'chisa n'kololedwa ngati mwini chisa adzabweranso chaka chamawa, ndipo n'kulakwa ngati kutenga kwathu kutseka njira yake yobwerera. Makolo athu anati mbalame ikatera pa uta silasika. Iwo ankanena za anthu, koma fanizo analitenga kwa mbalame.

Inu makolo ndi aphunzitsi, mukapeza mnyamata atanyamula chisa chokhala ndi mazira, musangomkalipira. Mkhazikeni pansi, mumuuze za Eldey, ndipo mumfunse kuti chaka chamawa adzamva kulira kwa mbalame iti pa mtengo umenewo. Mwana amene aphunzira kubweza dzanja pamene palibe womletsa adzadziwanso kulibweza atakula, pamene wamasiye kapena mlendo adzakhala m'manja mwake.