Kodi mphunzitsi akhale chete poona mnzake alikuononga mwana?



M'mawa uliwonse timadzutsa ana athu, kuwaveka yunifomu ndi kuwatumiza kusukulu. Kuyambira pamene belu lalira kufikira nthawi yoweruka, mwana amakhala m'manja mwa munthu amene sitinamusankhe ndife, ndipo kawirikawiri sitidziwa ngakhale mudzi wa kwao. Ana ogonera kusukulu amatha miyezi itatu osaonana ndi makolo ao. Mbuzi sitingaisungitse kwa munthu wosamudziwa, koma mwana timamusungitsa. Chifukwa chake nkhani ya makhalidwe a aphunzitsi ndi yathu tonse, amai, agogo ndi azakhali amene tilera ana.

Boma lathu linaika malamulo pa nkhani imeneyi. M'chaka cha 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la ntchito ya uphunzitsi, ndipo mwa lamulo limeneli munabadwa bungwe la Teaching Council of Zambia, limene limalembetsa aphunzitsi, kuwapatsa chilolezo cha ntchito, ndiponso kulanga amene aswa mwambo. M'chaka cha 2018 anatulutsa malamulo a makhalidwe amene mphunzitsi aliyense ayenera kutsata. Lamulo la maphunziro la 2011 liletsa kukwapula mwana pasukulu. Ndipo munthu wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 amalandira chilango chosachepera zaka 15 m'ndende.

Malamulowa ndi abwino, ndipo palibe mphunzitsi amene anganene kuti sanawamve. Koma lamulo lili papepala, lilibe maso. Amene ali ndi maso ndi aphunzitsi anzake a wolakwayo, amene amamwa naye tiyi mu staffroom, ndi anansi amene amaona mtsikana wa yunifomu akulowa m'nyumba ya aphunzitsi dzuwa litapendeka. Tonse tivomereza kuti woononga mwana wachimwa. Funso lovuta lili pa uja waona: kodi anene, kapena akhale chete? Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndipo ndidziwa kuti funsoli limasowetsa tulo aphunzitsi oopa Mulungu.

Tiyambe ndi mlandu umene unachitikadi. M'chaka cha 2008 Khoti Lalikulu ku Lusaka linaweruza mlandu wa mtsikana wa zaka 13 amene mphunzitsi wake anamuitana kunyumba kwake kuti akatenge mapepala a mayeso akale, nakamugwirira komweko. Pozenga mlandu zinadziwika kuti mkulu wa sukuluyo anali atamva kale za khalidwe la mphunzitsi ameneyo ndi mwana wina wa sukulu, koma anangomuchenjeza namusiya apitirize kuphunzitsa. Woweruza, a Phillip Musonda, sanapeze mphunzitsi yekha wolakwa. Anasenzetsa mlandu sukulu ndi Unduna wa Maphunziro omwe, nalamula kuti mwanayo alipidwe K45 miliyoni ya ndalama zakale. Taonani amai, chenjezo la m'kachipinda silinateteze mwana wachiwiri. Akadalankhula amene anadziwa poyamba, mtsikana uja akadapulumuka.

Komabe amene amakhala chete si onse oipa mtima. Ali ndi zifukwa zao, ndipo tiyenera kuzimva bwino tisanaziyankhe.

Chifukwa choyamba ndi chifundo. Munthu amati: «Uyu ndi mnzanga, tinayambira limodzi ntchito. Akachotsedwa, ana ake adzadya chiani? Mkazi wake ndi mai wa Chigwirizano, timavala naye yunifomu imodzi. Ndingamuonetse bwanji manyazi otere?» Mau amenewa ndi olemera, pakuti mkazi ndi ana a wolakwayo sanachimwe, koma adzavutika. Koma tifunse kuti chifundo chimenechi tikuchitira yani, ndipo wolipira mtengo wake ndani. Wolipira ndi mwana wa mai wina, amene sanafunsidwe. Kumbukirani wansembe Eli pa 1 Samueli 2 ndi 3. Iye anamva zimene ana ake anali kuchita ndi akazi otumikira pa chihema, ndipo anawadzudzula ndi mau ofatsa, koma sanawachotse pa udindo. Mulungu anaweruza nyumba ya Eli chifukwa anadziwa naleka kuwaletsa. Ngakhale chizolowezi chija chongosamutsa mphunzitsi wotere kupita kusukulu yakumudzi chili chimodzimodzi ndi kuchotsa fisi m'khola lako ndi kukamutsekera m'khola la mnansi wako. Ndiponso kubisa tchimo la mnzako sikumuchitira chifundo iye mwini, chifukwa munthu wobisiridwa salapa. Amangoonjezera, kufikira tsiku limene adzagwidwa ndi milandu isanu m'malo mwa umodzi.

Chifukwa chachiwiri amachitenga m'Baibulo. Amati pa Mateyu 18:15-17 Ambuye anatiphunzitsa kuti mbale akachimwa tiyambe tamuona payekha. Zoonadi, ndipo pa zolakwa zambiri za pasukulu njira ndi yomweyo. Mphunzitsi wochedwa m'kalasi, wosachonga makope a ana, wolankhula mau achipongwe, kapena amene wayamba kubwera ndi fungo la mowa, mnzake ayambe wamuitanira pambali ndi mtima wofatsa, monga Paulo alangiza pa Agalatiya 6:1. Ambiri abwezedwa motero osafika kwa ahedi. Koma tiwerenge mutu wonse wa Mateyu 18. Pa ndime 6 Ambuye yemweyo anena za munthu wokhumudwitsa kamwana, kuti kukadamukomera kumizidwa m'nyanja ndi mphero m'khosi. Kukambirana kwa awiri kuyenera pamene wolakwiridwa ndiwe, ndipo uli ndi mphamvu ya kukhululuka. Mphunzitsi alibe mphamvu yokhululukira mnzake tchimo limene lachitikira mwana wa eni. Aroma 13 atiuza kuti olamulira ndi atumiki a Mulungu olanga ochita zoipa. Motero upo wa akulu a mpingo uli ndi ntchito yake yoika munthu pa chilango ndi kumutsogolera kukulapa, apolisi ndi khoti alinso ndi yao. Ina siilowa m'malo mwa inzake.

Chifukwa chachitatu ndi mantha a kunamizira munthu. Ichi n'chifukwa choyenera ulemu, pakuti aphunzitsi osalakwa ananamiziridwapo, monga Yosefe ananamiziridwa ndi mkazi wa Potifara nakalowa m'ndende. Katekisma wa Heidelberg, pa funso 112, pomasulira lamulo lachisanu ndi chinai atichenjeza kuti tisaweruze munthu tisanamve mbali yake, ndipo titeteze mbiri yabwino ya mnzathu. Koma apa pafunika kusiyanitsa miseche ndi umboni. Wamiseche amauza aliyense, pamsika, pachigayo ndi pa WhatsApp, kusiya yekhayo amene ali ndi mphamvu yofufuza. Mboni imapita kwa woyenera, ndi kunena chimene yaona ndi maso ake kapena chimene mwana waiuza, osaonjezera mchere. Chimene chimaononga mphunzitsi wosalakwa ndi manong'onong'o, chifukwa sangathe kudziyankhira pa nkhani imene palibe waibweretsa poyera. Nkhani ikafika pofufuzidwa, wosalakwa amapeza bwalo lodziyeretsera. Zachisoni n'zakuti ambiri a ife timaopa umboni koma miseche sitiiopa.

Chifukwa chachinai ndi chimene chimandiwawa koposa, chifukwa chimatuluka kawirikawiri pakamwa pa ife amai. Timati: «Atsikana a masiku ano ndi ochenjera, anadzifunira yekha.» Tiganize bwino. Mphunzitsi ndi wamkulu, ali ndi malipiro, ndiye amachonga mayeso, ndiye anganene mau amodzi mwana n'kulangidwa kapena kukhululukidwa. Mwana amene wabwera kusukulu osadya, alibe sopo kapena nsapato, angakane bwanji munthu wotere? Ngakhale mtsikanayo atadzionetsa yekha, udindo wa wamkulu ndi kukana ndi kumulangiza, chifukwa ndiyo ntchito imene analembedwera. Pamene mneneri Natani anapita kwa Davide pa 2 Samueli 12, fanizo lake linaloza munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, ndipo mlandu wonse anauika pa mfumu. Ngakhale mtsikana atapitirira zaka 16, malinga ali mwana wa sukulu, mwambo wa uphunzitsi sulola chibwenzi chotere.

Apa tidziyang'anenso ife makolo. Kangati banja limamva kuti mwana wapatsidwa pathupi ndi mphunzitsi, ndipo m'malo mopita kupolisi limaitana mphunzitsiyo usiku, n'kugwirizana za ndalama za damage kapena ng'ombe? Ena amafika pomupereka mwanayo ku ukwati, poti mkamwini wa malipiro a boma sapezekapezeka. Kuyambira 1997 boma lilola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, koma mwana wogulitsidwa chotere sabwerera, ndipo wogulayo mawa ali m'kalasi pamaso pa atsikana ena makumi asanu. Chimodzimodzi pa mayeso. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse chifukwa mapepala anabedwa nafalitsidwa pa mafoni, ndipo ana osalakwa anavutika pamodzi ndi olakwa. Wogulitsa mapepala sangakhalepo popanda wogula, ndipo ndalama zogulira zimachokera m'zitenje zathu. Sitingapemphe aphunzitsi kukhala oongoka pamene ife tikuwapinda ndi ndalama.

Tsono yankho langa ndi ili: pamene moyo, thupi kapena tsogolo la mwana lili pangozi, kukhala chete ndi tchimo, ndipo ubwenzi wa pantchito suchotsa tchimolo. Yakobo 4:17 atiphunzitsa kuti wodziwa chabwino naleka kuchichita wachimwa. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphunzitsi afunse mumtima mwake kuti, akadakhala mwana wanga wobala ndekha, ndikadafuna kuti woonayo achite chiani?

Sindinena kuti kulankhula n'kopepuka. Mphunzitsi amene waulula amatchedwa kazitape, anzake amaleka kumupatsa moni, ndipo nthawi zina wosamutsidwa amakhala iyeyo. Ngati ndi mai wamasiye wolera ana yekha, mantha ake ndi omveka. Anamwino aja Sifra ndi Puwa pa Eksodo 1 anaika ntchito yao ndi moyo wao pangozi chifukwa cha makanda a eni, popeza anaopa Mulungu koposa Farao. Koma iwo anali awiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa ndi pamene Chigwirizano chili ndi ntchito. Mphunzitsi wachikhristu amene waima pa choonadi asaime yekha. Timuyendere, tipemphere naye, ndipo ngati kufunika timuperekeze. Mkazi wa wolakwa uja nayenso tisamusale, pakuti ndi wovulala, ndipo ana ake afunika chakudya.

Mwana akakuululirani, amai, choyamba mumvetsereni osamukalipira, ndipo musamulonjeze kuti mudzabisa. Ngati wagwiriridwa, afike kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa asanathe maola 72. Nkhani ipite ku Victim Support Unit ya apolisi, ndiponso kwa ahedi kapena mphunzitsi wa uphungu. Ngati a pasukulu akuzengereza, pali ofesi ya DEBS paboma, palinso Teaching Council. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana angathe kuimba yekha. Dzina la mwanayo lisamveke pamsonkhano, ngakhale mwa njira ya pempho la pemphero.

Ndisanatsirize ndinene mau a aphunzitsi okhulupirika, amene ndiwo ambiri. Chiyambire maphunziro aulere kufikira Giredi 12 mu 2022, makalasi anadzaza, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, katundu akali wolemera. Alipo amene amachonga makope usiku ndi nyali ya foni, amene amagulira mwana wamasiye cholembera ndi ndalama zao. Amenewa ndiwo amanyozeka wolakwa akabisidwa, pakuti nsomba imodzi ikaola imanunkhitsa dengu lonse. Woulula choipa amateteza ulemu wa anzake onsewa.

Eklesia wathu anayamba ku Magwero mu 1899, ndipo kulikonse kumene Uthenga unafika, ku Madzimoyo, ku Nyanje ndi kwina, sukulu inafika nao. Mphunzitsi wa m'mudzi ndiye anali kuphunzitsa ana pakati pa sabata ndi kutsogolera mapemphero pa Sondo, ndipo makolo anamupatsa ana ao chifukwa anaona moyo wake. Yakobo 3:1 akumbutsa kuti ophunzitsa adzaweruzidwa kolimba koposa ena. Tiwapempherere aphunzitsi athu pa misonkhano yathu, tiwatchule maina pamaso pa Mulungu, ndipo tiphunzitse ana athu kuti pakhomo pali khutu lowamvera. Ambuye atipatse maso oona ndi mtima wolimba wonena zoona mwa chikondi, kuti ana amene anatisungitsa akule bwino m'manja mwathu. Amen.