Pamene Wophunzira wa pa Yunivesite Atopa ndi Moyo

IYE ndiye woyamba m'banja lonse kufika pa yunivesite. Makolo anagulitsa mbuzi kuti alipire fizi, ndipo achibale onse akuyembekezera thandizo lake. Tsopano walephera mayeso aŵiri. Tulo sakuliona, chakudya sakuchifuna, ndipo waleka kusonkhana ndi mpingo. Kodi angauze yani?

Nkhaniyi njaikulu. Malinga ndi World Health Organization, anthu oposa 700,000 anadzipha mu 2019, ndipo pakati pa azaka 15 mpaka 29, kudzipha kunali pamalo achinayi pa zochititsa imfa. Ophunzira ambiri ali amsinkhu umenewo.

Komabe, ena amalingalira kuti kuchita tondovi kuli umboni wa chikhulupiriro chofooka. Kodi zilidi choncho? Talingalirani za mneneri Eliya. Atangolaka aneneri a Baala paphiri la Karimeli, Yezebeli anamuopseza. Eliya anathaŵa, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, naloŵa yekha m'chipululu, napempha kuti afe. Mulungu sanamdzudzule. Mngelo anamdzutsa kaŵiri ndi kumpatsa mkate ndi madzi, ndipo pakati pake mneneriyo anagonanso. Ku Horebu, Mulungu anamvetsera dandaulo limodzimodzilo kaŵiri konse. Pambuyo pake mpamene anawongolera kalingaliridwe kake, akumamuuza kuti panali enanso 7,000 osagwadira Baala, namtumiza kukadzoza Elisa. (1 Mafumu, chaputala 19) Taonani kuti chakudya, tulo, ndi khutu lomvetsera zinayamba, uphungu nkudza pambuyo. Kaŵirikaŵiri ife timayambira kumapeto!

Chotero, ngati wachichepere akuuzani kuti moyo wamtopetsa, musafulumire kumtsegulira lemba kapena kumkumbutsa za mbuzi zija. Zimenezo akuzidziŵa bwino lomwe. Mfunseni mosapita m'mbali ngati akulingalira zodzipha. Ambiri amawopa kuti funsolo lingaike lingalirolo m'mutu mwake, koma ofufuza apeza kuti silitero. Ngati avomera, musamsiye yekha. Chotsani pafupi naye mapiritsi ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi choterocho. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi kutero ndiko kukayikira mphamvu ya pemphero? Kutalitali. Mkristu wodwala malungo amapemphera, namwanso mankhwala. Chisoni chachikulu chimene chapitirira milungu iŵiri chingakhale nthenda yofunikira dokotala. Mayunivesite ambiri ali ndi aphungu a ophunzira, ndipo pali zipatala zonga Zomba Mental Hospital m'Malaŵi ndi Chainama Hills ku Lusaka. Mankhwala a tondovi amatenga milungu ingapo asanayambe kuthandiza, ndipo m'milungu imeneyo wodwala angataye mtima naleka kumwa. Motero akulu a mpingo angachite bwino kugwirizana za amene adzamchezera mlungu uliwonse, ndiponso za amene adzapita naye kwa makolo ake kukawafotokozera za mayeso aja.