Fisi ndi Tsabola wa Njovu

Padangokhala, kwa Chikwa, m'chigwa cha Luangwa, Fisi adagula lole ya Canter. Unali mwezi wa June, anthu atakolola mpunga wa ku Chama, uja umanunkhira ukadali m'thumba. Aliyense ankafuna matumba ake akafike ku Lundazi.

Fisi adawerenga zala. Ulendo wa m'mawa, ndalama. Wa masana, ndalama. Nanga usiku uzingopita chabe?

"Malume, tigona liti?" adafunsa Kalulu, mphwake, amene ankakweza katundu.

"Tulo sitigula dizilo, mphwanga. Kweza!"

Usiku woyamba zikope zidalemera. Kalulu adasenda lalanje kuti adye, fungo n'kudzaza m'galimoto. Fisi maso tong'o!

"Ha! Mankhwala ake ndi amenewa!"

Kutacha adagula malalanje dengu lonse. Senda, nunkhiza, taya. Senda, nunkhiza, taya. Koma usiku wachiwiri mutu udayamba kugwedera.

"Andigulitsa malalanje osanunkhira!"

"Malalanje ali bwino, malume. Mphuno yanu yazolowera."

Fisi adagula mafuta opaka pa chimfine, napaka pansi pa mphuno. Kuzizira kwake kudamudzutsa, adayimba ndi mluzu womwe. Asanafike patali, kuyasamula kudabwerera.

Madzulo a tsiku lachitatu adapeza agogo a Kamba m'mphepete mwa dimba, akutentha njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola.

"Agogo, utsi woyabwawu ngwa chiyani?"

"Tikupirikitsa njovu, mdzukulu wanga."

Fisi adawomba m'manja. "Chothawitsa njovu chingalephere tulo? Ndigaireni imodzi."

"Tenga. Koma njovu ikathawa lero, mawa imabweranso. Njala yake imakhala isanathe."

Fisi sadamve, anali atathamangira kale kukatola chitini. Adaikamo njerwa yofuka, natseka mawindo onse poopa chisanu ndi fumbi. Kuyetsemula! Kutsokomola! Misozi mbwembwembwe! Kalulu adathawira kumbuyo, pamwamba pa matumba.

"Waona, mphwanga? Tulo tathawa!" adafuula Fisi.

Pakati pa usiku moto wa m'chitini udazima. M'galimoto munali mofunda. Injini inkalira mofanana, osakweza, osatsitsa. Kafungo ka mpunga kadalowera pa kamng'alu ka kumbuyo, pang'onopang'ono. Fisi adaona mkazi wake akupakula mpunga wotentha, nkhuku ili pambali. Adatambasula dzanja kuti asambe.

Inu, tawerengani: chimodzi, ziwiri, zitatu. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola yadutsa kale mamita 50, popanda woiyang'anira.

Msewu udakhota, lole sidakhote. Kalulu adadumpha. Lole idatsetsereka mpaka mu mchenga wa mtsinje wouma, n'kugona cham'mbali, phi! Matumba adaphulika, mpunga mbwee!

Dzuwa litatuluka, nkhanga ndi njiwa zidafika poyamba, zikuitanizana. Kenako adafika eni mpunga, a Njati ali patsogolo. Adasuzumira m'galimoto. Fisi analibe ndi bala lomwe. Anali atapinda miyendo pansi pa chiwongolero, chitini ali chigwirire, mkonono uli pakamwa.

"Ndiwadzutse?" adafunsa Kalulu, akutsimphina.

A Njati adakhala pansi pamthunzi, natulutsa kabuku kawo.

"Aleke agone, mwanawe. Akadzuka pafunika mutu wabwino. Matumba athu anali 40, ndipo wogula lole ali m'njira."