Kodi Nkwabwino Kutalikitsa Kavalo?

Munthu akafuna banja amadzisankhira yekha mbeta, koma ciweto ca m'khola sicidzisankhira. Mwini khola ndiye anena kuti camphongo ici cikwere cacikazi ico, ndipo mwana wobadwayo asenza maganizo a mbuye wace m'mafupa mwace masiku onse a moyo wace. Tsono funso lathu ndi ili: kodi mwini ciweto ali ndi ufulu wakuciumba monga momwe maso ace afunira? Tiyeni tiweruze mlanduwu poyang'ana kavalo wa Aluya.

Kavaloyu kwao ndi ku cipululu ca Arabia, kumene Aluya ochedwa Bedouin anamuweta zaka mazana ambiri. Cimene iwo anafuna makamaka ndico kavalo wopirira ludzu, wokhoza kunyamula munthu ulendo wautali pamcenga ndi pamiyala. Motero kavaloyu sanatalike kwambiri: poyesa kucokera pansi kufika paphewa, ambiri ali ndi mainchesi 57 kufikira 61. Msana wace ngwaufupi, mafupa ace ngolimba, ziboda zace sizing'ambika msanga.

Pambuyo pace akavalowa anaoloka nyanja. Pa caka ca 1878 Wilfrid Blunt ndi mkazi wace Lady Anne Blunt anayamba kuwaweta pa Crabbet Park ku England, ndipo mbeu yao inafalikira m'maiko ambiri. Koma ku Ulaya ndi ku America ogula anazolowera akavalo atali, ndipo kufikira lero alipo oweta amene alondola msinkhu, cifukwa kavalo wamtali akopa maso pa cionetsero, nagulidwa msanga.

Bvuto lace lili m'masamu. Tiyese kuti kavalo wakula mbali zonse ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Kulemera kwace kudzaonjezeka ndi magawo 33 pa 100, koma kunenepa kwa pfupa la mwendo, limene licirikiza thupi lonselo, kudzaonjezeka ndi magawo 21 okha. Katundu wacuruka kuposa nsanamira. Coipa koposa ndi ici, kuti woweta wofulumira amasankha akavalo amene atalika m'munsi mwa bondo mokha, pfupa lili loonda. Mwendo wotere ukongola poima, koma pothamanga mitsempha yace ibvutika, ndipo kavalo akhoza kuyamba kutsimphina asanakalambe. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Kodi kufupikako kunamlepheretsa nchito? Iai ndithu. Ku California kuli mpikisano wochedwa Tevis Cup, umene unayamba pa caka ca 1955, pamene kavalo ayenera kuyenda mailosi 100 m'mapiri tsiku limodzi. Opambana ambiri akhala akavalo a mtundu wa Aluya.

Wina adzati, "Nanga munthu wamtali, asafune kavalo womuyenera?" Afune ndithu. Msinkhu pa wokha si cimo, ndipo alipo akavalo atali amene ali olimba. Woweta amene aonjezera msinkhu pang'onopang'ono, nayang'anitsa pfupa, mitsempha ndi ciboda pa mbadwo uli wonse, sitimtsutsa. Amene timtsutsa ndiye uja adziwa kuti camphongo cace cili ndi miyendo yofooka, komabe acikweretsa cifukwa ncacitali.

Winanso adzati, "Ciweto ncanga, ndinagula ndi ndalama zanga." Zoonadi, koma ndalamazo zinagula kavalo amene alipo, pamene wotsimphinayo adzakhala mwana amene sanabadwe, amene sanafunsidwe, ndiponso sakhoza kudandaula. Mtengo alandira munthu, ululu amva kavalo.

Cifukwa cace ife tiyesa kuti ali yense wosankhira mnzace wosakhoza kukana ali ndi mangawa kwa iye. Aluya akale anatisiyira kavalo wamoyo ndi wolimba. Amene amlandira ayenera kumpereka kwa adzukulu ali wolimbabe, ngakhale akhale wamfupi.