Mtima suchira tsiku limodzi



M'mawa uno ndikuganizira mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50 amene wangotuluka m'chipatala chachikulu cha Mzuzu atadwala mtima mwadzidzidzi. Matendawa amabwera mtsempha wopititsa magazi kumtima ukatsekeka. Kwa amayi ena sayamba ndi ululu waukulu pachifuwa ayi. Amangomva kufooka, mseru, kubanika, kuwawa kwa msana kapena nsagwada, n'kumati ndi malungo.

Akabwerera pakhomo nkhope imaoneka yochira, pomwe mtima umafuna masabata angapo. Ndowa ya malita 20 isakwere pamutu pake. Mabulangete achape ena. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse, mchere uchepe m'ndiwo, ndipo mankhwala asadumphitse ngakhale akupeza bwino. Usiku amagwidwa ndi mantha kuti zimuyambanso. Musamuseke, khalani naye pafupi.

Bambo, ana, apongozi, amayi a mvano, gawanani ntchito zake. Akayambanso kubanika, thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti kuche.